Chigamba cha pa Msana wa Nkhono

Nthano iyi ndinaimva kwa anthu awiri, ndipo mpaka lero sanagwirizane. Amalume anga a Zefaniya, amene amaluka malichero ndi madengu, amati ndi nthano ya Tchete. Azakhali anga aNangondo, amene mudzi wonse umawapititsira zipanda zikang'aluka kuti akazimate, amati ayi, ndi nthano ya Changa. Akakumana pothothola mtedza, mkangano umayambira pomwe unalekera chaka chatha. Amalume amati chomata popanda choluka ndi mamina chabe. Azakhali amawafunsa kuti nanga bwanji iwowo satungira madzi m'lichero, poti kuluka ndiye zonse.

Ine ndinamvetsera uku, ndinamvetsera uko, ndipo ndinapeza kuti aliyense amadumpha pamene pakumupweteka. Ndikuuzani yonse, yosadumpha. Ndikapuma muziti tili tonse, ndidziwe kuti simunandisiye ndekha m'njira.

Kalekale, nyama zisanaleke kulankhula, m'mphepete mwa dambo lina munkakhala mayi wachikulire dzina lake Nkhono. Analibe munda, analibe nkhokwe. Chuma chake chinali chimodzi, nyumba imene ankaibereka kumsana.

Nkhono anali ndi mwambo wake. Chilimwe chikafika, nyenje zikayamba kulira, ankalowa m'chigoba, n'kutseka pakhomo ndi malovu ake, n'kugona mpaka mvula yoyamba. Chinyezi chimene watsekera m'katimo ndicho chinali madzi ake, ndicho chinali chakudya chake, ndicho chinali moyo wake.

Chaka china, nyenje zitangoyamba kuyesa mawu, Nkhono anali pa ulendo wopita kunsi kwa mwala kumene ankagona. Njati anatulukira kuchokera kumadzi, maso ali kumwamba. Chiboda chinangokhudza pang'ono. Kwa Njati kunali ngati waponda khoko la mtedza. Kwa Nkhono nyumba inang'aluka kuchokera pamwamba mpaka m'mbali.

Nkhono anadandaula. Njati anafunafuna kumene kunkachokera mawuwo, ndipo atamuona anati, "Mayi inu, njira ino ndi ya ife a miyendo. Mukamamanga nyumba muzimanga yolimba ngati nyanga zangazi."

Anagwedeza nyangazo, napita. Pepani sanamutchule.

Nkhono anamva kamphepo kakulowa pamene sikanalowepo chibadwire. Anadziwa kuti akatseka pakhomo mng'alu uli chitsegukire, chinyezi chithawira pomwepo, ndipo mvula idzapeza chigoba chopanda mwini. Dzuwa linali kukula tsiku ndi tsiku. Masiku omutsalira anali ochepa.

Tsono Nkhono anali ndi mkamwini, dzina lake Changa, uja wa maso aakulu wogona masana. Musandifunse kuti mwana wa Nkhono anakwatiwa bwanji ndi Changa. Masiku amenewo ankhoswe sankawerenga miyendo. Changa ankakhala m'mphako ya mtengo wa mthethe, ndipo ntchito yake inali imodzi, kukanda khungwa ndi kunyambita utomoni wotuluka pamenepo. Za utomoni panalibe womuposa.

Nkhono anakwawa, nakwawa, nakwawa, mpaka anafika patsinde pa mthethe.

Apa panali vuto. Mpongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso, ndipo salankhulana ngati anthu a pamsika. Mawu amadzera mwa wina. Wodzeramo mawuyo anayenera kukhala mkazi wa Changa, koma iye anali atapita kukacheza kuseri kwa chulu mwezi wathawo, ndipo anali asanafike n'komwe kumene ankapitako. Mwana wa nkhono ndi nkhono basi.

Nkhono anatembenukira tsinde, nati, "Mtengo iwe, uwauze eni ako kuti nyumba yanga yang'aluka."

M'mphako munamveka kuyasamula, kenaka kutsokomola kwaulemu. Changa anatulutsa mutu, nayang'ana kumene kunalibe munthu.

"Mtengo iwe, uwauze amayi kuti tamva, ndipo tamva chisoni. Asadandaule. Utomoni wanga umamata ngakhale mkangano wa pa banja."

Anakanda khungwa, naika utomoni wambiri pa tsamba, naligwetsa pansi nkhope ili kwina. Nkhono anadzigubuduza pa tsambalo mpaka mng'alu unatsekeka. Unawala ngati uchi. Nkhono anathokoza mtengo, mtengo nuthokozanso, ndipo anayamba ulendo wa kumwala.

Dzuwa litafika pamutu, utomoni unafewa. Unayamba kutsetsereka m'mbali, nutola mchenga, nutola zinyalala, nutola nyerere ziwiri zimene zinkangodutsa osalakwa kanthu. Wotsalawo unauma madzulo. M'mawa kukuzizira Nkhono anangodziwongola pang'ono, utomoni uja tswa, ngati chigoba cha dzira. Mng'alu unali pomwe paja, ukumwetulira.

Pamenepa amalume amaseka mpaka kutsamwa. Azakhali amangoti tipitirize.

Nkhono anakwawa, nakwawa, nakwawa, mpaka anafika pa mtengo wa m'mbali mwa madzi pamene pankalendewera zisa za Tchete. Tchete ndi kambalame kachikasu kaja koluka zisa, kolankhula ngati kalipidwa. Za kuluka panalibe womuposa.

Tchete ndi Changa sankamwerana madzi. Changa ankati phokoso la Tchete limamulanda tulo. Tchete ankati Changa akamalumpha m'nthambi amagwedeza zisa, mazira n'kumagundana. Koma chachikulu chinali china. Utomoni ndi mbale wake wa ulimbo, ndipo palibe mbalame imene ilibe wachibale amene anathera pa ulimbo.

Tchete anatsika, nazungulira Nkhono, naona zotsalira za utomoni. Anafunsa kuti ndani wachita zonyansazi. Nkhono ananena zoona. Tchete anapukusa mutu, nati izi ndi zimene zimachitika ukapereka ntchito kwa munthu amene amadya zipangizo zake.

Anauluka kupita ku mpanda wa khonje, nang'amba ulusi woyera, wautali. Anabwera nawo, naluka. Wina chotalika, wina chopingasa, wina chotalika, wina chopingasa. Anakulunga chigoba chonse ngati mwana wa m'chikuta, namanga mfundo kunsi. Mng'alu unabwerera pamodzi, milomo yake n'kugundana.

"Mayi, chimenechi ngakhale Njati akoke sichiduka," anatero Tchete. "Koma ndinene lero. Wamaso uja akadzangochikhudza, ndidzabwera kudzamasula ulusi wanga wonse."

Nkhono anathokoza, nayamba ulendo wa kumwala. Anadziwongola, choluka sichinaduke. Anatembenuka, sichinaduke. Dzuwa linawomba, sichinasungunuke. Koma itabwera mphepo yotentha ya masana, inadutsa m'timaenje ta ulusi ngati ikudutsa m'sefa, niloweratu m'kati. Nkhono anamva msana ukuuma, kukhosi kukuuma, tinyanga take tikulephera kuimirira.

Pamenepa azakhali amafunsa amalume ngati akufuna madzi akumwa m'lichero. Amalume amayang'ana nkhuku.

Nkhono anabisala pansi pa tsamba, nayamba kuganiza. Pamene analili chomwecho anazindikira kanthu. Mphepo inkalowa paliponse, kupatula malo amodzi ang'onoang'ono ngati njere ya mapira. Pamalo amenewo panali patatsalira kadontho ka utomoni wa Changa, ndipo dzuwa linali litakasungunulira mu ulusi wa Tchete. Pamenepo sipankalowa mphepo. Pamenepo sipanasweke ndi kuzizira kwa m'mawa.

Nkhono anakwawa, nakwawa, nakwawa, akupumira m'njira, mpaka anafikanso patsinde pa mthethe. Dzuwa linali pamutu, nthawi imene tulo ta Changa timakoma kwambiri.

"Mtengo iwe," anatero ndi mawu ouma, "uwauze eni ako kuti ndabweranso. Mphamvu yodzigubuduza pa tsamba ndilibe. Akapanda kutsika kudzandimata ndi manja awo, auze mkazi wawo akadzabwera kuti amayi ake anafera pakhomo pawo."

Za ulusi wa Tchete sanauze mtengo.

Changa anatekeseka. Kukhudza apongozi ndi nkhani yaikulu, koma apongozi kufera patsinde pa nyumba yako ndi nkhani yaikulu kuposa. Anakanda khungwa, nadzaza manja ndi utomoni wofunda ndi dzuwa, natsika chafutambuyo. Pofika pansi anakhala chofulatira, atatsinzina maso ake aakulu aja, natambasulira manja kumbuyo.

"Mtengo iwe, uwafunse amayi ngati ndi apa."

"Uwauze akwere pang'ono."

"Apa?"

"Uwauze kuti kumeneko ndi kumutu."

Changa anapepesa mtengo kawiri, nasuntha dzanja. Anapeza msana, nayamba kupaka. Zala zake zinamva kukhakhala, timizere totalika ndi timizere topingasa. Anadabwa. Anaganiza zofunsa, koma mkamwini angafunse bwanji apongozi ake kuti msana wanu wakhakhala ndi chiyani? Anangoti mumtima, ukalamba ndi chomwecho, ndipo anapitiriza. Anapaka, nakanikiza, napaka, nakanikiza. Utomoni unkangolowa, ngati msanawo ukumwa. Anakwera kukatenga wina, napakanso, mpaka zala zinayamba kutsetsereka posalala.

Apa ndi pamene anthu anga awiri aja amasiyaniranatu. Amalume amati Nkhono sanavule cholukacho chifukwa ankadziwa kufunika kwa ntchito ya Tchete. Azakhali amati ayi, anangochita manyazi, mayi wamkulu savula chovala pakhomo pa mkamwini. Zonse ziwiri zimamveka. Koma onse amaiwala kadontho kaja konga njere ya mapira, ndipo amaiwala kuti Nkhono anasankha yekha zoti auze mtengo ndi zoti asauze. Mayi ameneyu ankadziwa kuti pa dambo lonselo panali mmisiri mmodzi yekha amene akanagwira ntchito osaiyang'ana.

Nkhono anakhala mumthunzi masiku atatu, osagwedezeka, kudikira kuti chiume. Tsiku lachinayi anatuluka.

Dzuwa linawomba. Utomoni unafuna kutsetsereka, ulusi unaugwira. Mphepo inawomba. Inafuna polowera, utomoni unali utatseka. Kanthambi kouma kanagwa kuchokera m'mwamba n'kumenya pachigamba pomwepo. Chigamba chinangobonyoka pang'ono, n'kubwerera m'malo mwake. Ndipo kulemera kwake kunali ngati kwa tsamba.

Nkhani ya pa dambo siichedwa. Nkhono asanafike kumwala, abuluzi anali atauza achule, achule atauza mbalame. Pofika pakhomo pake anapeza anthu atatu akumudikira.

Woyamba anali Tchete, nthenga zili nyankhalala. Anati analonjeza, ndipo wabwera kudzamasula ulusi wake. Nkhono anamuuza kuti amasule, ulusi ndi wake. Tchete anafuna nsonga ya ulusi, osaipeza. Anajompha apa, mlomo unaterereka. Anajompha apo, mlomo unaterereka. Anakoka mfundo ya kunsi, mfundo inali itasanduka ngati fupa. Anaima n'kumayang'ana, mutu uli chopendekera, ndipo aliyense anaona kuti mkwiyo ukulimbana ndi chidwi. Chilukireni, anali asanaonepo ntchito yake italimba chotero.

Wachiwiri anali Changa, amene anakhala potero chofulatira, akuodzera. Anali atamva kuti anapaka utomoni wake pa zinyalala za mbalame, ndipo anabwera kudzakana. Koma atamva Tchete akulephera, anauza mwala kuti uuze anthu onse kuti chigambacho n'chake.

"Chako chiti, iwe wogwira ntchito utatsinzina?" anatero Tchete. "Chako chija chinatola nyerere?"

"Nanga chako chija chosefa mphepo?" anayankha Changa, osatembenuka. "Ndikanatsegula maso bwenzi pano tikulira maliro."

Wachitatu anali Njati. Iyeyu sanabwere mwa kufuna kwake. Mbalame zimene zimamudya nkhupakupa zinali zitamunyanyala zitamva kuti anaswa nyumba ya mayi wamasiye osapepesa, ndipo kwa masiku asanu anali akudzikanda pa mitengo. Anabwera atanyamula phale pakamwa, chibenthu cha mbiya yakale chimene anachitola pa bwinja. Analiika pansi, napepesa motsitsa mawu, kenaka mawu anakweranso monga mwa chizolowezi chake.

Anati phalelo ndi dothi lootcha. Dzuwa silingalisungunule, mvula singaliwoletse, chiswe sichingalidye. Nkhono akalivundikira pamsana ndiye kuti wathana nazo mpaka kalekale. Koma chigamba cha masamba ndi misozi ya mtengochi, anatero Njati, chidzatha, ndipo amisiri akewo anene okha ngati akunama.

Nkhono anafunsa Tchete. Tchete anakanda pansi, navomera kuti khonje likanyowa nthawi yaitali limawola. Nkhono anafunsa mwala kuti ufunse mkamwini wake. Changa anavomera kuti utomoni wa mthethe mvula ikachuluka umasungunuka. Njati sananame. Chigambacho chinali cha chilimwe chimodzi.

Tsono Nkhono anapempha kuti amuike phalelo pamsana, alimve. Njati analiika. Nkhono anakoka koyamba, sanasunthe. Anakoka kachiwiri, sanasunthe. Anakoka kachitatu, tinyanga tokha ndi timene tinapita patsogolo.

Atalichotsa, Nkhono anapuma, nayamba kuyeza nkhaniyo poyera, onse akumva. Anati phale ndi lolimba, ndipo sadzafunanso kupempha munthu. Zimenezo si zazing'ono kwa mayi wokalamba amene watopa ndi kukwawira m'makomo mwa anthu. Koma akalivala, mvula ikadzagwa anzake akamakadya bowa iye adzakhala pomwepo ngati chitsa. Komanso chigoba cha nkhono chimakula, phale silikula. Chigamba n'chopepuka, chimapindika pamodzi ndi mwini wake, koma chimatha, ndipo chaka chilichonse adzayenera kuyang'ana kwa anthu awiri amene sapatsana moni.

Kenaka anafunsa Tchete ngati khonje limatha. Tchete anati ukadula tsamba limaphuka lina. Anafunsa mwala ngati utomoni umatha. Changa anati mtengo ukapola umatulutsanso, bola osaukanda mozungulira. Anafunsa Njati kuti phale likadzasweka adzakatola kuti lina. Njati anati sakudziwa, eni bwinja lija anasamuka kalekale.

"Ndamva," anatero Nkhono. "A Njati, chipepeso chanu ndalandira. Phalelo muliyedzamiritse pamwalapa, likhale khonde langa, lizinditchingira dzuwa. Kumsana kuno kukhala chigamba. Chikadzawola chidzagwera pansi, chidzasanduka nthaka, ndipo pomwepo ndidzadyapo bowa. Nyenje zikamadzayamba kulira, iwe Tchete uzibwera m'mawa ndi ulusi wako. Mwala iwe, uwauze akamwini anga kuti iwo azibwera masana ndi utomoni. Moni musapatsane, sindinapemphe zimenezo. Ntchito zanu zidzapatsana moni pamsana panga."

Tchete anati iye azibwera, poti popanda iye palibe chimene chingagwire. Changa anauza mwala kuti iyenso azibwera, poti popanda iye palibe chimene chingatseke. Njati anayedzamiritsa phale, ndipo asanafike patali mbalame zija zinali zitatera kale pamsana pake.

Nkhono analowa m'chigoba, natseka pakhomo, nagona. Chilimwe chinawotcha udzu, chinaumitsa dambo, chinang'amba nthaka. Mvula yoyamba itagwa, pansi pa phale paja panatuluka tinyanga tiwiri, tonyowa bwino.

Phunziro lake nali. Ulusi pawokha umagwira koma sutseka, utomoni pawokha umatseka koma sugwira. Chimene ulibe chili ndi mnzako, ngakhale mnzakoyo usamukonde. Ndipo posankha chinthu usamangofunsa kuti n'cholimba bwanji. Uzifunsanso ngati ungachinyamule, ndiponso ngati chikatha china chidzamera.

Masiku ano ndimamva kuti akatswiri akupanga matabwa opepuka ndi ziwiya zina pophatikiza ulusi wa zomera ndi utomoni wochokera ku zomera zomwe. Nditawauza anthu anga awiri aja, amalume anati mwaona, ulusi. Azakhali anati mwamva, utomoni.

Koma chaka chatha, anankafumbwe atawathera mbewu ya nyemba, amalume analuka kadengu kothina kokhala ndi chivundikiro chake, nakasiya pakhonde pa azakhali osanena kanthu. Azakhali anakamata m'kati ndi kunja, nakabweza osanena kanthu. Mbewu ya mabanja onse awiri ili m'menemo tsopano, ndipo aliyense mukamufunsa amati kadenguko ndi kake.

Nthano yanga yaumira pamenepa. Amene anakwirira mbatata m'phulusa akaphule msanga, ingapserere.